Mimba Ikadwala Mwadzidzidzi mwa Munthu wa Matenda a Shuga

Nkhani ya lero ikhudza anthu a ku Kanyama, Matero, Chawama ndi makomboni ena a mu Lusaka, pamodzi ndi anchito a ku migodi, makamaka iwo amene ali ndi matenda a shuga.

Alipo matenda ena a m'mimba ofuna mpeni wa dotolo tsiku lomwelo. Ena mwa iwo ndi awa: kutupa kwa kathumbo kochedwa apendikisi, kupotana kwa matumbo, ndi thumbo lotsikira m'mphecepece limene lapanikizika osabwereranso. Matendawa agwira munthu ali yense, koma kwa wodwala shuga ngozi yake ikula.

Zifukwa zake ndi zitatu. Coyamba, shuga wokhalitsa aononga mitsempha yomvera ululu, kotero kuti mimba ipweteka pang'ono cabe ngakhale thumbo liri pafupi kuphulika. Munthuyo acedwa kunyumba, nafika ku cipatala mafinya atafalikira kale. Caciwiri, shuga wocuruka afoketsa asilikari a m'magazi, ndipo bala la opaleshoni licedwa kupola, nthawi zina nilita mafinya. Cacitatu, matenda otere akweza shuga koposa, thupi niliuma, impso nizilefuka.

Ku Kanyama anthu akumbukira kolera ya mu 2017 ndi 2018. Motero wina akasanza, abale aganiza msanga za madzi oipa. Koma kusanza kwa wodwala shuga, pamodzi ndi mimba yotupa kapena youma ngati thabwa, kungakhale cizindikiro ca zina. Shuga yekha atakwera kwambiri angathenso kupweteketsa mimba. Wosiyanitsa zimenezi ndi dotolo, atapima magazi ndi mkodzo.

Cifukwa cace wodwala apite ku cipatala ca Kanyama tsiku lomwelo. Ngati kufunika, adzamtumiza ku cipatala cacikuru ca UTH. Asamwe mankhwala otsegula m'mimba, asadye nsima panjira, ndipo asaleke insulini mwa nzeru zace yekha. Atenge khadi lace ndi mankhwala ace onse, nanene poyera pofika kuti ali ndi shuga, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Insulini inapezeka ku Toronto mu 1921. Kale lomwe opaleshoni ya wodwala shuga inali yoopsa ndithu. Lero madotolo ayamba ampatsa madzi a m'mitsempha ndi insulini, nacepetsa ngoziyo. Wofika msanga ndiye amene kawirikawiri abwerera kwa ana ace ali wamoyo.