NAUNAKHTE, MAI WA KU AIGUPTO AMENE ANAGAWA CHUMA CHAKE ALI MOYO

 Pa chikondwerero chathu chino tatenga nkhani ya ku Egypt, dziko limene m'Buku Lopatulika timaliwerenga kuti Aigupto. Tikamva dzina limeneli, ambirife timangoganiza za Farao ndi manda ake aakulu a miyala. Koma lero tiri ndi nkhani ya mai wamba, dzina lake Naunakhte, amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 3,100 zapitazo.

Mai ameneyu ankakhala m'mudzi umene lero umatchedwa Deir el-Medina, kumadzulo kwa mtsinje wa Nile, tsidya lina la mzinda wa Luxor. Unali mudzi wa amisiri osema manda a mafumu m'matanthwe. Nyumba zinalipo ngati 70, zothithikana mkati mwa linga. Ndalama kunalibe nthawi imeneyo, ndipo amisiriwo ankalandira tirigu ndi barele mwezi ukatha.

Naunakhte anakwatiwa kawiri. Mwamuna woyamba, Kenherkhepshef, anali mlembi wa amisiriwo, ndipo anali wamkulu kwambiri kuposa mkazi wake. Atamwalira iyeyu, mai uja anakwatiwa ndi mmisiri wina, Khaemnun, nabereka naye ana 8, amuna 4 ndi akazi 4.

Tsono timve bwino pamenepa, ife amene taona amai amasiye akulandidwa ngakhale mphika ndi mphasa. Kumeneko mkazi ankakhala ndi chuma chakechake. Zimene Naunakhte anasiyiridwa ndi atate wake, ndi zimene anasiyiridwa ndi mwamuna woyamba uja, zinakhala m'manja mwake. Chuma chimene anachipeza pamodzi ndi Khaemnun chinali cha magawo atatu: awiri a bambo, limodzi la mai. Gawo lakelo akanatha kupatsa aliyense amene mtima wake wafuna.

M'chaka chachitatu cha ufumu wa Ramesses V, cha m'ma 1145 Khristu asanabadwe, mai uja ali nkhalamba anakaonekera pa bwalo la milandu la m'mudzimo, pamaso pa akapitao ndi alembi. Anawauza kuti iye ndi mfulu, kuti analera ana onse 8 nawapatsa katundu woyambira banja, koma tsopano wakalamba ndipo ena sakumusamala. Amene anamugwira dzanja ndiye adzalandira chuma chake. Amene sanamupatse kanthu nayenso sadzaona kanthu. Mlembi analemba mau onsewa pa pepala la gumbwa.

Ana amuna atatu ndi mwana wamkazi mmodzi analandira mokwanira, chifukwa ndiwo ankamupatsa tirigu ndi mafuta. Mwana wamkazi wina analandira mopereweza. Atatu otsalawo anawachotsa ndithu pa gawo lake, ngakhale gawo la atate ao sanawatsekere. Mmodzi wa iwo, Neferhotep, anali atapatsidwa kale ziwiya za mkuwa kuti agulire chakudya, ndipo mai wake anati zimenezo zamukwanira. Tikuona ngati mnyamata ameneyu ankangofika pakhomo njala ikamupweteka. Mwana wamwamuna wina, amene anamutcha dzina la malemu mwamuna woyamba uja, anamuonjezera beseni la mkuwa losambiramo.

Tisamuyese wouma mtima msanga mai ameneyu. Aaigupto ankakhulupirira kuti munthu akafa, mzimu wake umafunabe mkate, mowa ndi madzi, ndipo ana ndiwo ankapereka zimenezi kumanda ndi kutchula dzina la wakufayo kuti lisafafanizike. Panalinso lamulo lakuti woika maliro ndiye wolandira chuma. Ndiye mwana amene walephera kubweretsa kambale ka tirigu mai wake akupenya, angamukhulupirire bwanji kuti adzafika nako kumanda?

Patapita chaka, Khaemnun ndi ana ake anabwereranso ku bwalo lomwe lija, natsimikiza kuti zonse zichitike monga momwe mai uja ananenera. Panachitikanso lumbiro lakuti woutsanso mlanduwo adzakwapulidwa zikoti 100 ndi kulandidwa katundu wake.

Pepala la gumbwalo lilipobe, likusungidwa ku Ashmolean Museum mu mzinda wa Oxford ku Mangalande. Katswiri wina, Jaroslav Černý, ndiye analimasulira nalisindikiza m'chaka cha 1945.