James Norton, Mmisiri wa Njinga za Moto

 Madzulo ano tikambe za munthu amene dzina lake linalembedwa pa thanki ya njinga za moto zambirimbiri, ndiye James Lansdowne Norton.

Iye anabadwira ku Birmingham, m'dziko la Mangalande, m'chaka cha 1869. Akali mnyamata anadwala nthenda yotupitsa mfundo, ndipo thupi lake silinalimbenso kwenikweni. Imvi zinamera asanakalambe, kotero kuti anzake anali kumutcha Pa Norton, ndiko kunena kuti Bambo. Mu 1898 anayamba ntchito yopanga zitsulo za njinga zopalasa, ndipo mu 1902 anapanga njinga yake yoyamba ya moto, injini yake yochita kugula ku France. Mu 1907, pa mpikisano woyamba wa TT pa chisumbu cha Isle of Man, Rem Fowler anapambana pa njinga ya Norton m'gulu la njinga za masilinda awiri.

Koma mmisiriyo sanali wodziwa kusunga chuma. Mtima wake unali pa injini, osati pa mabuku a ndalama, ndipo mu 1913 kampani inagwa ndi ngongole. Anaiwombola ndi R. T. Shelley, amene anamsiya Norton apitirize luso lake.

Chimene chindikondweretsa ine ndi ichi: mu 1921, ali wodwaladwala chomwecho, anadza ku South Africa, nayenda mamailosi pafupifupi 3,000 pa njinga yake ya Big Four yokhala ndi kangolo m'mbali. Inu amene mudziwa matope a dzinja, taganizani misewu ya masiku amenewo. Mmisiri wofuna kudziwa pamene chitsulo chake chithyokera ayenera kuchikwera yekha.

Mu 1924 Alec Bennett anapambana mpikisano waukulu wa Senior TT pa njinga ya Norton. Mwini wake anaona zimenezi ali wofooka ndi nthenda ya khansa, namwalira mu 1925, ali ndi zaka 56.

Sanamuone mnyamata wa ku Salisbury, mzinda umene lero tiutcha Harare, dzina lake Ray Amm, amene mu 1953 anapambana Junior ndi Senior yomwe pa njinga za Norton. Amm anafa pa ngozi ku Imola, m'dziko la Italy, mu 1955, atakwera njinga ya kampani ina.