Chiphapha cha pansi pa mango chikhoza kuyendanso

Mwandipempha kuti ndinenepo zomwe ndakhala ndikuchita chilembereni mayeso a Fomu 4, poti ena mumangondiona madzulo ndili bii ndi oyilo. Pakati pa sabata ndimaphunzira umakaniko kusukulu ya zaluso, Loweruka ndimakhala pa galaja ya amalume ku Biwi. Kumeneko ndi komwe ndinayambira kusaka magalimoto akale otayidwa, kuwadzutsa ndi kuwagulitsa.

Mukamayenda ku Kawale, ku Chilinde kapena ku Likuni, tasuzumirani kuseri kwa mipanda. Mupeza galimoto ili pa njerwa, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Ambiri timangoti ndi chiphapha, chikudikira ogula zitsulo adzachidule n'kuchiyeza pa sikelo. Komatu zina mwa ziphaphazi si zakufa, zangogona.

Tengani Peugeot 504. Inatuluka ku France mu 1968, koma inakondedwa kwambiri kuno ku Africa moti ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuipanga mpaka kudutsa chaka cha 2000. Kapena kapikiapu ka Nissan 1400, komwe kanayamba ngati Datsun 1200 mu 1971, ndipo ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, anasiya kukapanga mu 2008. Magalimoto amenewa alibe kompyuta. Ali ndi kabuleta, mapulagi ndi mawaya owerengeka. Ukakhala ndi masipanala ndi khutu lomva injini, ntchito imatheka. Ogula aliponso: mlimi wofuna chonyamulira tomato, ndi bwana wofuna galimoto yonga yomwe bambo ake ankayendera.

Musaganize kuti ndinayamba bwino, ayi. Galimoto yathu yoyamba inali 504, tinaipeza pa nyumba ina ku Area 25. Mnyamata wa pamenepo anati inali ya malemu bambo ake, blue book aipeza mawa. Mtengo unali wotsika, ine mtima dyokodyoko. Amalume anati tidikire mapepala, ine ndinawakakamiza, mpaka ndinaikapo ndalama zomwe amayi anandipatsa za fizi ya teremu yotsatira. Tinaikoka, tinaigwira miyezi itatu, inalira bwinobwino. Wogula anapezeka, koma funso lake loyamba linali lakuti, "Blue book ili kuti?" Titabwerera kwa mnyamata uja tinapeza nkhani ina. Azichemwali ake sankadziwa kuti galimoto inagulitsidwa, ndipo bukhulo linali ndi iwo. Anakana kusayina. Mapeto ake tinabweza galimoto, ndalama yogulira inabwera pang'onopang'ono, koma ya masipeya ndi thukuta lathu zinapita. Teremu imeneyo ndinalowa m'kalasi mochedwa, ndipo kuwauza amayi zoona kunali kowawa kuposa kutaya ndalamako.

Ndiye chomwe ndabwera kudzakuuzani n'chimodzi: phindu kapena kuluza kumachitika tsiku logula, usanagwire n'komwe sipanala.

Yambani ndi mapepala. Onani blue book ndi maso anu, dzina lomwe lilimo ndi chiphaso cha wogulitsayo zifanane. Pukutani fumbi, muwerenge nambala ya injini ndi ya chasisi, zikhale zomwezo zolembedwa m'bukhumo. Ngati mwini wake anamwalira, khalani pansi ndi banja lonse komanso amene ali ndi mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Popanda zimenezi ku Road Traffic sakasintha umwini, ndipo galimoto yosasinthika umwini wogula wanzeru saifuna.

Kenako dzimbiri. Musanamizike ndi penti, paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Gonani pansi ndi tochi, chotsani makapeti, bayani ndi sikuludiraiva pansi pa mapazi a dalaivala ndi pomwe masipuling'i amangiriridwa. Ikalowa ngati mu buledi, ndalama yowotcherera ikudyerani phindu lonse. Tengani kamaginito muyendetse m'mbali: pomwe sikakumata, wina anamatapo fila kubisa ngozi. Pa Land Rover yakale maginito sathandiza chifukwa bodi yake ndi ya aluminiyamu, ndiye diso lonse likhale pa chasisi, poti ndi yachitsulo ndipo imadyeka.

Pomaliza injini. Chonde, musafike ndi batire n'kuliza tsiku lomwelo. Injini yomwe yakhala zaka ili youma mkati, mukhoza kuthyola maring'i. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'mabowomo, isiyeni igone, mawa lake muyese kuizunguza ndi sipanala. Ikazungulira, pali chiyembekezo. Petulo wakale amasanduka ngati phula, ndiye thanki ndi kabuleta zitsukidwe. Oyilo ndi fyuluta zisinthidwe. Onaninso mawaya, chifukwa makoswe amawakonda kwabasi.

Ikalira, mtima umafuna kuthamangira penti kuti mujambule muike pa Facebook. Dekhani. Mabuleki kaye, mapaipi a rabala, chiwongolero, magetsi. Tayala likhoza kuoneka latsopano koma lili lokalamba: pambali pake pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chomwe linapangidwa. Galimoto imeneyi idzanyamula anthu. Penti ndi yomaliza, COF isanabwere musamuuze munthu kuti yatha.

Yachiwiri tinaichita motsatira zimenezi. Inali Nissan 1400, pansi pa mtengo wa mango kwa agogo ena ku Likuni. Ogula zitsulo anali atabwera kale kawiri, agogowo n'kukana. Ife tinapita maulendo atatu tisanatchule mtengo. Anatiuza kuti malemu amuna awo ankanyamulira kabichi kupita kumsika wa mu Lilongwe, ndipo ana onse anaphunzira ndi ndalama ya kagalimotoko. Anaitana ana awo, bukhu linatuluka m'sutikesi, aliyense anasayina. Anatipempha chinthu chimodzi: "Ikadzayenda mudzandionetse." Patapita miyezi inayi tinapita nayo, ine ndili pambali pa amalume. Agogo anatuluka atangomva kulira kwa injini, anati, "Adzukulu, ndaizindikira isanakhote." Tinawayendetsa mpaka pa tchalitchi n'kubwerera. Wogula tinamuuza zonse, ngakhale zoti giya yachiwiri imalira kukazizira. Phindu silinali lalikulu, koma fizi ya amayi ndinabweza.

Sindikunena kuti nonse mukhale amakaniko. Pa galimoto imodzi pamadya wowotcherera, wa magetsi, wosoka mipando, wopenta, ndi wodziwa kujambula ndi kutsatsa pa foni. Atsikana, musati izi n'za anyamata: m'kalasi mwathu amene amatiposa tonse pa mawaya ndi mtsikana.

Pempho langa ndi ili. Sabata ino, pobwerera kunyumba, yang'anani ngati m'dera lanu muli galimoto yogona. Musalowe pa mpanda wa eni popanda kuodira, ndipo musalonjeze mtengo. Perekani moni, funsani mbiri yake, funsani ngati bukhu lilipo, kenako mudzandiuze pa msonkhano wotsatira. Amene akufuna kuona momwe timazunguzira injini yogona, Loweruka m'mawa ndidzakutengani, koma muvale zovala zoti simudzazilira.