Mwana woleredwa ndi ena amachira bwanji?

Ambiri mwa inu munabadwira kuno ku Britain, ndipo mwina munaphunzira ndi anzanu oleredwa m'mabanja osankhidwa ndi khonsolo. Lero tikambe za ana amene mavuto awo ndi aakulu: ochitiridwa nkhanza, aulumali, ndi amene asamutsidwa kangapo chifukwa cha khalidwe. Ana otere amafunika olera ophunzitsidwa mwapadera.

Njira ina yodziwika anaiyambitsa Patricia Chamberlain ku Oregon, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1980. Banja limalandira mwana mmodzi yekha kwa miyezi 6 mpaka 9. Pafupifupi tsiku lililonse mlangizi amaimbira foni wolera kuti amve mmene mwana wakhalira. Mwanayo amalandira mapointi akadzuka nthawi yake kapena akapita kusukulu. Makolo omubereka nawonso amaphunzitsidwa, kuti akabwerera asakapeze zomwe zija.

Kusintha kumayambira pa zazing'ono: kugona usiku wonse, kusiya kubisa chakudya kuchipinda, kukhala m'kalasi mpaka belu litalira. Kukhulupirira munthu wamkulu kumabwera mochedwa. Nthawi zina khalidwe limaipa kaye mwana akayamba kumasuka, chifukwa akufuna kuona ngati panonso amuthamangitsa. Akamusamutsa pamenepo, zonse zimayambiranso.

Kuyamba msanga n'kofunika. Ku Bucharest, m'dziko la Romania, akatswiri anatsatira ana 136 a m'nyumba zosungira ana. Amene anapita kumabanja asanakwane zaka ziwiri anachita bwino kuposa anzawo, pa nzeru komanso pa kugwirizana ndi owalera. Ku England, chaka chilichonse wolera amayankha mafunso 25 okhudza maganizo ndi khalidwe la mwana wa zaka 4 mpaka 16, kuti vuto lidziwike lisanakule.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Lamulo la ana la 1989 limauza khonsolo kuganizira chipembedzo, chikhalidwe ndi chilankhulo cha mwana. Koma khonsolo singapereke mwana kubanja lomwe silinadzipereke. Mwana wathu akasowa munthu wodziwa kusamala tsitsi lake kapena kumuphikira nsima, amavutika pawiri. Inu mumadziwa za kunyumba ndi za kusukulu za kuno, choncho mungamumvetse kuposa makolofe. Mabungwe ambiri amalandira wolera kuyambira zaka 21, wapabanja kapena ayi, bola akhale ndi chipinda chapadera.

Mukakumbutsenso makolo izi: kusunga mwana wosakwana zaka 16 kwa masiku 28 kapena kuposa, pamene si inu agogo, amalume, azakhali kapena m'bale wake weniweni, kumafunika kudziwitsa khonsolo. Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kuno mawu amenewa amayendera limodzi ndi lamulo.

Amene mtima wakukhudzani, imbirani khonsolo ya kwanuko sabata ino, mufunse tsiku la msonkhano wa ofuna kulera ana.