Nambala 255 Inatsala Pang'ono Kundichotsetsa Ntchito

Ine ndikulankhula kuchokera m'kachipinda kanga ku Bin Mahmoud, kuno ku Doha. Mukamva kaphokoso kumbuyoku, ndi AC imeneyo, mundikhululukire, sindingaizimitse. Kuno mu July kutentha kumadutsa madigiri 40, masiku ena mpaka 45, ndipo nkhani ya leroyi yachokera m'kutentha komweko.

Ntchito yanga ndi yosamalira makompyuta ndi netiweki pa kampani ina yaing'ono. Tili ndi kabati momwe mumakhala seva imodzi ndi maswitchi. Ndinawonjezeramo mafani awiri, ndi ka Arduino Uno koyeza kutentha n'kumauza mafaniwo liwiro. Zinayenda bwinobwino chaka chathunthu. Kenako mtima wa umisiri uja unandipeza, ndikuti aaa, bwanji ndiziona kutenthaku pa foni? Ndinachotsa Arduino n'kuikapo ESP32, poti iyo ili ndi Wi-Fi. Pulogalamu ndinangokopera, n'kusintha mizere iwiri itatu, basi.

Kuno wikendi ndi Lachisanu ndi Loweruka. Lachisanu lina AC ya mu ofesi inafa, munalibe munthu. Loweruka m'mawa bwana akuimba: seva yazima. Ndinakwera Metro ya Gold Line mtima uli phaphapha. Kufika, kabati ili juu! kutentha, koma mafani akungozungulira mwaulesi ngati palibe chachitika. Pa foni pulogalamu yanga ikuti liwiro lili pamapeto. Wolakwa anali ine ndemwe, ndipo cholakwacho chinali nambala imodzi, 255.

Kuti mumvetse, tiyambe ndi PWM. Mwendo wa ka chip sudziwa kutulutsa theka la magetsi. Umangodziwa kuyatsa kapena kuzimitsa. Ndiye ukafuna fani izungulire pang'onopang'ono, umayatsa n'kuzimitsa mofulumira kwambiri, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ganizirani mjigo. Madzi satuluka mosalekeza, amatuluka pomwe wakankha chogwirira, koma ndowa imadzaza ndithu, ndipo kufulumira kwake kumadalira mmene ukupopera. Nthawi yonse ya kuyatsa ndi kuzimitsa kamodzi timaitcha period. Gawo la nthawiyo lomwe magetsi ali oyaka ndiye duty cycle. Ndi njira yomweyi yomwe amachepetsera kuwala kwa mababu a LED ndi kuyendetsa timamota. Ngakhale kabokosi ka sola kamene munatumizira makolo kumudzi, kolembedwa PWM pamwamba, kamatchaja batire mwanjira imeneyi.

Tsono vuto n'lakuti chip chilichonse chimawerenga mwa mtundu wake. Pa Arduino Uno umalemba analogWrite ndi nambala yoyambira 0 kufika 255, ndipo 255 ndiye kuyaka kotheratu. Pa ESP32 umasankha wekha. Mafani a makompyuta a mawaya anayi amafuna PWM ya pafupifupi 25 kHz, malinga ndi muyezo womwe Intel inalemba, ndiye ine ndinaika 25 kHz ndi ma bit 10. Ma bit 10 ndiye kuti nambala zikuyambira 0 kufika 1023. Pulogalamu yanga itaona kuti kwatentha inatumiza 255, ikuganiza kuti yapereka zonse. Koma 255 mwa 1023 ndi kota chabe.

Amene munagulapo chimanga pamsika mwaimva kale nkhaniyi. Ndowa ya wogulitsa uyu si ndowa ya wogulitsa uyo. Onse akuti ndowa imodzi, koma ukafika kuchigayo ufa ukusiyana. Sikelo ndiyo imathetsa mkangano, chifukwa kilogalamu ya ku Lizulu ndi yomweyo ya ku Limbe. Ine ndinkalankhula ndi mafani anga m'chiyankhulo cha ndowa.

Si ine woyamba kugwa m'dzenje limeneli. Mu Linux, chaka cha 2012 chisanafike, ma driver a PWM ankalembedwa aliyense payekha, onse akugwiritsa ntchito mayina ofanana a ma function, moti sukanatha kuika awiri mu kernel imodzi. Sascha Hauer anayamba kukonza njira imodzi ya onse, Thierry Reding n'kuimalizitsa, ndipo inalowa mu Linux 3.6 m'chaka cha 2012. Nditawerenga mmene anaipangira, ndinakhala pansi n'kulemba kanga kakang'ono ka ma board athu. Ndinatolapo mfundo zinayi.

Yoyamba, lankhulani m'nthawi, osati m'manambala a chip. Linux imayeza period ndi duty cycle mu ma nanosekondi, ndipo Zephyr nayo imalola zomwezo. Fani ya 25 kHz period yake ndi ma nanosekondi 40,000. Ukafuna 75 peresenti umapempha 30,000. Servo wamba period yake ndi 20,000,000, ndipo 1,500,000 imaiimika pakati. Manambala amenewa sasintha kaya uli pa Arduino, ESP32, STM32 kapena Raspberry Pi. Kusandutsa nthawiyo kuti ikhale manambala a m'kati mwa chip ndi ntchito ya driver. Pulogalamu ya pamwamba isadziwe n'komwe kuti kuli 255.

Yachiwiri, sinthani zonse nthawi imodzi. Mukasintha period kaye kenako duty cycle, pakati pakepo pamakhala kamphindi komwe chip chikutulutsa chinthu chomwe palibe anachipempha. Pa babu mungoona kuphethira, koma servo imatha kudumpha. Anzathu a Linux anaziona, ndipo mu 2016 anawonjezera njira yoperekera zinthu zinayi pamodzi: period, duty cycle, polarity, ndi zoti iyake kapena ayi. Kanga ndinakapanga chimodzimodzi. Function ndi imodzi, imalandira zonse.

Yachitatu, driver izinena zoona. Chip sichingakupatse nthawi iliyonse imene wapempha, chifukwa chimagawa wotchi yake ndi manambala athunthu. Pa ESP32 wotchiyo ndi 80 MHz. Mukagawa ndi 25 kHz mupeza magawo 3,200 okha, ndiye simungapemphe ma bit 16 pa liwiro limeneli. Komanso miyendo ingapo imagwiritsa ntchito timer imodzi. Pa Uno, mwendo 9 ndi 10 ili pa timer imodzi, ukasintha liwiro la wina, mnzake wasinthanso. Mwendo 5 ndi 6 ili pa timer yomwe imawerenga nthawi ya millis ndi delay, ukaigwira ndiye kuti wasokoneza wotchi ya pulogalamu yonse. Driver yabwino imakana zomwe sizingatheke, ndipo imakulola kufunsa kuti, kodi watulutsa chiyani kwenikweni? Ine ndikanakhala nalo funso limeneli, foni ikanandionetsa 25 peresenti tsiku loyamba lomwelo. Paja amati safunsa anadya phula.

Yachinayi, gwirizanani pasadakhale kuti zinthu zikavuta mwendo utsale pati. Mawu akuti kuzimitsa satanthauza chinthu chimodzi pa chip chilichonse: china chimasiya mwendo pansi, china pamwamba, china chimangousiya lende. Ndipo mukaika transistor pakati pa chip ndi fani, zonse zimatha kutembenuzika, 100 peresenti n'kusanduka ziro. Kwa mota ya makina odulira, malo otetezeka ndi kuima. Kwa fani ya ku Doha, malo otetezeka ndi kuthamanga liwiro lonse. Chip sichingakusankhireni zimenezi, muyenera kuzilemba nokha.

Seva ija inadzuka, inali itangodzizimitsa yokha kudziteteza. Bwana anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti zisachitikenso. Amene muli kunja kuno mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo, poti ntchito ndiyo ikugwirizira chiphaso chokhalira, lendi, ndi fizi ya azing'ono athu kumudzi.

Panopa pulogalamu ya mafani ili ndi mafayilo atatu: yoyeza kutentha, driver ya Arduino, ndi driver ya ESP32. Mwezi wathawu mnzanga wina wa ku Kenya, amene timagwira naye ntchito, anawonjezera ya STM32 madzulo amodzi okha, osagwira fayilo ya kutentha ija.

Ndiye achimwene ndi achemwali amene mukusewera ndi timaboard iti, tsegulani pulogalamu yanu usiku uno, musake pomwe munalemba 255 kapena 1023. Mukaipeza kunja kwa driver, mundilembere, mundiuze kuti ikuyendetsa chiyani. Gawo likubwerali tidzakamba za tima controller ta sola tija, kusiyana kwa PWM ndi MPPT, kuti musanatumize ndalama kumudzi mudziwe chomwe mukugula.