Mawu a Chingerezi amene mumamva ku maphunziro ndi tanthauzo lake pamunda



Ambiri a inu mwayamba kuitanidwa ku maphunziro ku EPA kapena ku boma. Kumeneko ophunzitsa amalankhula Chichewa ndithu, koma pena ndi pena amaponyamo mawu a Chingerezi. Mlimi amangogwedeza mutu, n'kubwerera kumudzi ndi kope lodzaza koma alibe chouza anzake amene anamutuma. Lero tiona mawu 7 amene amabwera kawirikawiri pa nkhani ya kaganizidwe ndi utsogoleri. Muona kuti zimene mawuwa akunena mumazidziwa kale.

1. System

Ambiri timatchula kuti sisitemu. Ndi zinthu zingapo zolumikizana, zoti ukakhudza chimodzi, zinazo zimagwedezeka. Taonani pakhomo panu. Chimanga chimakupatsani madeya, madeya amadyetsa nkhumba ndi nkhuku, ndowe ndi zitosi zimabwerera kumunda ngati manyowa. Mukagulitsa nkhumba zonse, munda umamva nawo chaka chamawa. Akanena kuti systems thinking, akutanthauza kuganizira kulumikizana kumeneku musanachite kanthu.

Sukulu ya pamunda inabadwa chifukwa cha nkhani yomweyi. Ku Indonesia alimi a mpunga ankapopera mankhwala ambiri. Mankhwalawo ankaphanso akangaude ndi tizilombo tina todya tizilombo toononga, ndipo kachilombo koyamwa mpunga kanachuluka kuposa kale. Mu 1986 boma lakumeneko linaletsa mitundu 57 ya mankhwala pa mpunga, ndipo mu 1989 masukulu oyamba a pamunda anatsegulidwa mothandizidwa ndi bungwe la FAO. Zija timachita m'mawa sabata iliyonse, kuyendera munda, kuwerenga ndi kujambula adani a mbewu ndi abwenzi a mlimi, n'zimene amati AESA. Mukapeza ntchemberezandonda, musayang'ane mbozi yokha. Onaninso nyerere, mavu ndi akangaude amene akuidya, msinkhu wa chimanga ndi mmene mvula ikugwera, kenako gulu ligwirizane ngati kupopera n'kofunika.

2. Feedback loop

Apa akunena za zotsatira zimene zimabwerera kudzakhudza chimene chinaziyambitsa, ngati ng'ombe yozungulira pachikhomo. Chitsanzo chake tonse timachidziwa. Banja likakolola zochepa, chakudya chimatha mu Disembala. Bambo ndi mayi amapita kuganyu kukapalira minda ya eni ake, wawo uli m'thengo. Akamadzapalira, udzu wadya kale chakudya cha chimanga. Zokolola zimachepanso, ndipo chaka chotsatira ganyu amayamba msanga kuposa kale. Banjali si laulesi ayi, likugwira ntchito kuposa ambiri, koma lalowa m'chizungulire.

Chizungulire chimatha kuyendanso mokomera mlimi. Manyowa amachulukitsa zokolola ndi mapesi, mapesi amachulukitsa manyowa. Ntchito ya gulu ndi kupeza pamene chizungulire choipa chingadulidwe. Ena amadula popalirana minda mwa chikumu m'masabata oyamba, ena posunga ndalama ku banki mkhonde kuti adzagule chimanga miyezi ya njala osasiya munda.

3. Root cause

Ndi gwero lenileni la vuto, kusiyana ndi chizindikiro chake chimene amati symptom. Kaufiti akamera m'munda, kumuzula asanachite maluwa n'kofunika, chifukwa njere zake zimakhala m'nthaka zaka zoposa 10. Koma kaufiti amakonda nthaka yoguga imene ikulimidwa chimanga chaka ndi chaka. Mukangozula osasintha kalimidwe, mudzazula mpaka ukalamba. Funsani kuti "chifukwa chiyani?" kangapo motsatizana. Chimanga chafiira chifukwa chiyani? Kaufiti. Kaufiti wachuluka chifukwa chiyani? Nthaka yatha chonde. Yatha chifukwa chiyani? Sitichita kasinthasintha ndi mtedza, soya kapena nandolo, ndipo mapesi timatentha. Mukafika pamenepo mwapeza pogwira.

4. Trade-off

Makolo anati walira mvula walira matope. Ukasankha ichi, pali china chimene wataya. Mapesi omwewo timawafuna pophimbira nthaka, podyetsa ziweto, ndiponso pophikira kumene nkhuni zikusowa. Sangakwanire ponseponse. Choncho gulu likamasankha, funsani kuti amene apindule ndani, nanga amene asenze mtolo ndani. Mukagwirizana kuti mapesi onse atsale m'munda osafunsa amayi, ndi iwowo amene adzayende mtunda wautali kufuna nkhuni, ndipo pangano lanulo silidzakhalitsa.

5. Delay

Ndi nthawi imene imadutsa pakati pa kuchita chinthu ndi kuona zotsatira zake. Feteleza amaoneka m'masabata ochepa, koma mtengo wa nsangu umatenga zaka zambiri usanayambe kuthandiza chimanga chapansi pake. Kuphimbira nthaka nakonso kumafuna nyengo zingapo. Magulu ambiri amasiya njira yabwino chaka choyamba chifukwa palibe amene anawauza kuti adikire nthawi yaitali bwanji. Kuononga nakonso kumachedwa kuoneka: mitengo imadulidwa m'phiri lero, zigwembe zimadzang'amba minda ya kumunsi patapita zaka. Aliyense wobweretsa njira yatsopano mumufunse kuti phindu lake lidzaoneka liti.

6. Facilitator

Mawu oti leadership ndi utsogoleri, amenewo savuta. Koma pa sukulu ya pamunda mtsogoleri timamutcha facilitator, kutanthauza wothandiza anzake kuti apeze okha yankho. Inu alimi otsogolera, mnzanu akabwera ndi kachilombo m'manja n'kufunsa kuti "ichi n'chiyani?", musathamangire kutchula dzina. Mufunseni kuti wakapeza pati, kamadya chiyani, kanalipo kangati. Pofotokoza zojambula za AESA, asamalankhule anthu omweomwewo sabata iliyonse. Perekani mpata kwa amayi ndi achinyamata, pakuti mayi amene amapalira mundawo ndi amene amaona choyamba tsamba likabooka. Gulu limene limaima tcheyamani akadwala ndiye kuti silinatsogoleredwe bwino.

7. Accountability

Ndi kuyankha poyera pa zimene unapatsidwa m'malo mwa anthu. Magulu ambiri safa ndi chilala koma ndi kukayikirana. Gulu likalandira mbewu, zida kapena ndalama, mlembi awerenge pamaso pa onse kuti zabwera zingati, walandira ndani, zatsala zingati. Zokolola za munda wophunzirira ziyezedwe anthu akuona. Amene wapita ku maphunziro afotokoze pa msonkhano wotsatira zimene waphunzira. Membala akafunsa za kaundula si mwano, ndipo msungichuma wokhulupirika amakondwera kufunsidwa chifukwa ndi mmene dzina lake limayeretsedwera.

Zochita sabata ino

Gulu laling'ono lililonse lisankhe vuto limodzi la m'mudzi muno, kaya kaufiti, kaya mbuzi zolowa m'minda ya nandolo, kaya kuuma msanga kwa dimba. Lembani vutolo pakati pa pepala lalikulu. Jambulani mivi yoonetsa zimene zimaliyambitsa ndi zimene limabweretsa, ndipo muone ngati muvi wina ukubwerera pamene munayambira. Musonyeze malo amodzi amene gulu lingagwirepo ndi mphamvu zake, osadikira thandizo lakunja. Tidzakambirana tikatha AESA sabata yamawa.

Mukadzapitanso ku maphunziro n'kumva mawu achilendo, kwezani dzanja n'kunena kuti, "Alangizi, tipatseni chitsanzo cha pamunda." Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo inu simunapite kumeneko panokha, munatumidwa ndi mudzi wonse.