POPITA KU CHIPATA, DZERANI PA CHIPATA

Mau olankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi, Mchinji

Lero sindikamba za mizere kapena za manyowa. Ndikamba za ulendo wa ku Zambia: zimene ziri zofunika polowa m'dzikomo, ndi m'mene tingadzisungire ku matenda, ife eni, ziweto zathu ndi mbeu zathu.

Ife a kuno sitiyesa Zambia dziko lachilendo. Kwa Mkanda, kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni aliko anthu ambiri amene munda wao uli kuno koma amalume ao ali kuseri kwa malire. Chilankhulo tikumvana, maliro tilira pamodzi. Loweruka lotsiriza la August Achewa amapita ku Mkaika, m'boma la Katete, kukaonekera kwa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba, ndipo Loweruka lotsiriza la February Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala ya Mpezeni. Zonsezi nzabwino. Koma Zambia ndi dziko la eni ake, liri ndi Boma lake ndi malamulo ake. Wapolisi wa kumeneko sadzafunsa ngati muli a Phiri kapena a Jere. Adzafunsa chitupa.

Tsono chitupa chake nchotani? Mmalawi wokacheza ku Zambia safuna viza. Afuna pasipoti imene masiku ake sanathe, ndipo mlendo wongocheza amaloledwa kufikira masiku 90 pa chaka. Koma musawerenge masiku 90 mumtima mwanu; werengani masiku amene akulemberani pa chidindo, chifukwa kawirikawiri amalemba ochepa. Akatsala pang'ono kutha, mupite ku ofesi ya Imigireshoni ya kumeneko akakuonjezereni. Kwa ife okhala m'mphepete mwa malire kuli boda pasi, imene a Imigireshoni amapereka. Iyo ndi ya ulendo wapafupi ndi wa masiku owerengeka. Siingakufikitseni ku Lusaka kapena ku migodi ya ku Kitwe. Chitupa cha unzika, chija tinayamba kulandira mu 2017, mupite nacho pokatenga mapepalawa, koma pachokha sichilowa m'malo mwa pasipoti. Kalata ya mfumu nayonso siiri pasipoti. Ndinena ichi ndi ulemu, mafumu anga, chifukwa anthu ena amakuvutitsani kuti muwalembere, nayesa kuti basi zatha.

Kale munthu ankaima kawiri, kwathu kuno ndi ku Mwami. Chiyambire December 2022, pamene atsogoleri a maiko awiriwa anatsegula chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, muima malo amodzi okha ndipo aofesi a mbali zonse akuthandizani pomwepo. Chotero chifukwa chodzera njira za m'tchire chachepa ndithu. Wolowera m'tchire akagwidwa akhoza kumangidwa, kulipitsidwa ndi kubwezedwa. Choipa china ndi ichi: akadwala kapena kumwalira kumeneko, palibe buku limene liri ndi dzina lake, ndipo abale amavutika kwambiri kuti atenge maliro.

Kucheza ndi kwina, nchito ndi kwina. Chidindo cha mlendo sichilola munthu kulembedwa nchito. Ndiponso inu anyakwawa, chenjerani ndi anthu obwera m'midzi kudzatenga anyamata ang'onoang'ono, amvekere akukaweta ng'ombe kapena kukalima fodya ku Zambia. Lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu likuti umenewo ndi mlandu waukulu. Mwana akachoka m'mudzi mwanu mwa njira yotere, kanenani ku polisi tsiku lomwelo.

Tibwere ku za matenda. Ambiri amafunsa za kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever. Munthu wochokera ku Malawi kupita ku Zambia kokha safunsidwa kadi imeneyi, popeza kwathu kulibe nthendayo. Koma amalonda amene mumapitirira mpaka ku Congo kudzera ku Kasumbalesa, kumeneko adzaifuna. Katemerayo mubayitse masiku 10 ulendo usanafike, pakuti kadi imayamba kugwira nchito atapita masiku amenewo, ndipo chiyambire 2016 katemera mmodzi akwanira moyo wonse. Musasokoneze kadi imeneyi ndi ina, yachikasunso, ya inshuwalansi ya COMESA. Iyo ndi ya galimoto, si ya munthu.

Nthenda imene ndiopa kwambiri pa maulendo athu ndi kolera. Kuyambira March 2022 kufikira chaka chotsatira inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Titangopuma ife, inabuka ku Lusaka mu October 2023, nipha oposa 700 m'dzikomo, kotero kuti bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Kolera imayenda ndi madzi ndi chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi cha wodwala, ndipo imakonda pamene anthu achuluka koma zimbudzi zachepa. Nc'wala imachitika mvula iri pakati, ganizani bwino pamenepo. Mfumu yotsogolera anthu ake ku mwambo kapena ku maliro ione kuti atenga chigubu cha madzi owiritsa kapena othira klorini, sopo, ndi mapaketi a Thanzi. Kusamba m'manja kukhale kothirirana, osati nonse m'beseni limodzi. Idyani chakudya chikali chamoto. Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha onga otsukira mpunga, yambani kumumwetsa nthawi yomweyo. Ngati Thanzi palibe, sakanizani lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mupite naye ku chipatala chimene chiri pafupi, kaya ndi cha Mwami kaya cha Chipata. Musati tiyambe tafika kwathu. Kolera ikhoza kupha munthu wamkulu dzuwa lisanalowe.

Udzudzu wa ku Zambia ndi womwewo wa kuno, tsono neti musaisiye. Opita ku chigwa cha Luangwa adziwe kuti kuli kashembe, ntchentche yopatsa kaodzera. Mukabwerako ndi kutentha thupi, kapena chotupa pamene inakulumani, muuzeni dokotala kumene munali, kuti asangoyesa malungo okha. Amene mumamwa mankhwala a masiku onse, monga ma ARV, a TB, a shuga kapena a kuthamanga magazi, tengani okwanira ndi ena apadera, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Amai, mwana apite atalandira katemera yense. Poliyo inapezeka ku Lilongwe mu 2022, ndipo chaka chomwecho inaonekanso ku Tete, sinafunse chitupa.

Tsopano ndifike pa nchito yanga yeniyeni. Matenda sayenda m'thupi la munthu mokha. Amayendanso pa keriyala ya njinga. Boma lathu la Mchinji lidziwika kuyambira kale kuti chigodola cha nkhumba sichitheratu, chifukwa kachirombo kake kamabisala m'nkhufi za m'makola. Nthendayi siigwira munthu, koma iribe mankhwala, ndipo ikalowa m'khola ingathe kutsiriza nkhumba zonse. Kachiromboko sikafa msanga m'nyama, ngakhale yowamba. Mlendo abwera ndi kanyama ka nkhumba m'pepala, amai atsuka, madziwo ndi makombo aponyera nkhumba. Pakutha sabata kapena awiri khola lakhala chete. Chimodzimodzi chitopa cha nkhuku. Tambala wa mphatso wochokera kwa apongozi mumuike payekha sabata ziwiri asanasakanizike ndi zinzake. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba sizidutsa malire popanda kalata ya a za ziweto, kupita kapena kubwera. Nyama ya chiweto chofa chokha musadye, musagule, ngakhale itsike mtengo chotani. Mu 2011 anthu ambiri a ku Chama anadwala anthrax atadya nyama ya mvuu zofa zokha mu Luangwa, ndipo mu 2023 nthendayi inabukanso m'zigawo zambiri za Zambia.

Mbeu nazonso ziri ndi adani ao oyenda ndi anthu. Nankafumbwe wamkulu, uja aboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, si wa kuno. Kwao ndi ku Central America; anafika ku Tanzania, ndipo cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 analowa kwathu kudzera ku Karonga. Chisaka cha nthochi, chimene chinagwetsa minda ya ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay, chimayenda ndi ana a nthochi amene munthu apatsa mnzake mwa chikondi. Chotero mitengo ya chinangwa, ana a nthochi ndi kholowa wobzala musatenge kuseri kwa malire, kapena kupita nazo, osaonetsa kwa oyeza mbeu a pa chipata. Mukafuna mtundu umene mwauona kumeneko, tiuzeni ife alangizi.

Amene mupita ndi mtedza, nyemba kapena katundu wina wa malonda, funsani pa chipata za njira yapafupi ya COMESA ya amalonda ang'ono, imene inayamba mu 2010. Katundu wosapitirira madola 2,000 a ku America, ngati ali pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana, salipira msonkho wa kasitomu wolowera, ndipo pepala lake ndi lalifupi. Misonkho ina ing'onoing'ono ingakhalepo, koma pali kalaliki wa za malonda wokufotokozerani. Chimanga ndi nkhani ina: maboma onse awiri amaletsa kuchitulutsa zaka zina, makamaka za chilala, tsono yambani mwafunsa musanakweze matumba. Ndalama musinthe ku banki kapena ku ofesi yovomerezeka. Kwacha ya Zambia ndi ya Malawi zifanana dzina lokha, ndipo osintha a m'mbali mwa mseu ali ndi manja ofulumira kuposa maso a mlimi.

Anyakwawa, mau awa mukawafotokoze pa bwalo anthu asananyamuke. Sabata ya mawa, nthawi yonga yomweyi, tidzakamba za kuyanika mtedza kuti usachite chuku. Tsalani bwino.